Ufulu wa okwera njinga zamoto m'misewu yafumbi ya ku England uli pa mapu a khonsolo

Achimwene, ndawerenga funso lanu lija, loti munagula njinga yamoto yoyenda m'matope, ndipo apolisi atakupezani m'kanjira ka m'mphepete mwa munda anakupatsani chenjezo la section 59, ndiye mukufuna kudziwa ngati wokwera njinga ali ndi ufulu uliwonse kunja kwa msewu wa tala kuno ku England, komanso ngati n'kwanzeru kulowa m'mabungwe omenyera ufulu umenewu. Ndakhala ndikukwera m'misewu yafumbi ya kuno kwa zaka zingapo, choncho ndiyankha mwatsatanetsatane, chifukwa nkhaniyi imasokoneza ambiri a ife amene tinakulira kwathu, kumene wa kabaza amadutsa paliponse pamene phazi la munthu lapondapo, pakati pa minda, kuseri kwa tchalitchi, mpaka pakhomo penipeni, popanda womufunsa. Kuno zinthu sizili choncho. Ufulu ulipo ndithu, koma ndi wochepa, ndi wolembedwa pa pepala, ndipo wakhala ukuphwa chaka ndi chaka.

Ndiyambe ndi chenjezo lanulo, popeza ndi limene lili pakhomo. Limachokera m'gawo 59 la Police Reform Act 2002, ndipo limagwira ntchito kwa miyezi 12. Mukapezekanso mukuchita zomwezo m'nthawi imeneyi, apolisi ali ndi mphamvu yolanda njingayo, ndipo kuti ibwerere m'manja mwanu mudzalipira ndalama zoinyamulira ndi zoisungira. Mlandu weniweni uli m'gawo 34 la Road Traffic Act 1988, limene limaletsa kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto popanda chilolezo pa njira ya oyenda pansi, pa njira ya akavalo, kapena pamalo ena alionse amene si msewu. Chonde musabwererenso kumeneko, ngakhale mutaona mikwasa ya matayala a anzanu, chifukwa mikwasa si umboni wa ufulu.

Umboni wake ndi chimene amachitcha definitive map, mapu amene khonsolo iliyonse yoyang'anira misewu imasunga potsatira lamulo la mu 1949. Pa mapu amenewa njira iliyonse ya anthu onse ili ndi mtundu wake. Footpath ndi ya oyenda pansi, bridleway imalolanso akavalo ndi njinga zakapalasa, restricted byway imawonjezera ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo mwa mitundu inayi ndi byway open to all traffic yokha, imene okwera amaifupikitsa kuti BOAT, imene imalola injini. Panjira muiona ndi kamuvi kofiira pa mtengo kapena pa chipata, pomwe kachikasu ndi ka oyenda pansi ndipo kabuluu ndi ka akavalo. Njira za kamuvi kofiira sizipitirira zitatu pa 100 zilizonse mukawerengera kutalika kwa njira zonsezi ku England. Palinso misewu ina yakale yopanda tala imene ili pa mndandanda wa misewu yokonzedwa ndi khonsolo, ndipo yambiri mwa iyo okwera amaigwiritsa ntchito, koma pa iliyonse ndi bwino kufunsa kaye ku khonsolo. Zonsezi pamodzi anthu amangoti ma green lane.

Pali mfundo imodzi imene atsopano ambiri amaiphonya: green lane ndi msewu wa boma ngati wina uliwonse, kungoti ulibe tala. Njinga yanu iyenera kukhala yolembetsedwa, ya nambala yooneka, ya msonkho wolipira, ya inshuwalansi ndi MOT (satifiketi ya chaka ndi chaka yoonetsa kuti njinga ili bwino kuyenda pamsewu) ngati zaka zake zakwana, ndipo inuyo mukhale ndi chisoti ndi laisensi yoyenera. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwakhazikika kuno, ndipo siili m'gulu la zimene amasinthitsa ndi ya kuno, choncho muyenera kudzera ku CBT (maphunziro oyamba amene wofuna laisensi ya njinga yamoto amayenera kuchita) ndi mayeso ake. Njinga ya mpikisano yopanda nambala malo ake ndi bwalo la eni ake lolipiritsa, osati msewu.

Tsopano ndifike pa chimene mwafunsa chenicheni, chifukwa chake pali mabungwe omenyera ufuluwu. Kalekale lamulo la kuno linkati msewu ukakhala wa anthu onse umakhala wa anthu onse mpaka kale, ngakhale utamera udzu. Motero ngati munthu akanapeza umboni m'mapu akale woti ngolo za akavalo zinkadutsa penapake zaka 200 zapitazo, ufulu wa ngolowo unkafikanso kwa galimoto ndi njinga yamoto. Okwera ankakhala masiku ambiri m'nyumba zosungira zolemba zakale, kufufuza mapu ogawira minda ndi a misonkho, kenako n'kupempha khonsolo kuti ilembe njirayo ngati byway. Izi zinkakwiyitsa eni minda ndi mabungwe a oyenda pansi, amene ankati ufulu wa ngolo ya kavalo sungakhale ufulu wa injini yobangula. Nyumba ya Malamulo inawamvera. Countryside and Rights of Way Act 2000 inakonza zoti gulu lonse la njira zakale zimene sizinkadziwika bwino mtundu wake lisanduke restricted byway, kenako Natural Environment and Rural Communities Act 2006, imene okwera amangoitcha NERC, inafafaniza ufulu wa injini pa njira zambiri zimene zinali zisanalembedwe ngati byway. Ku England zimenezi zinayamba kugwira ntchito pa 2 Meyi 2006. Okwera akale amene ndimayenda nawo amati pafupifupi theka la misewu imene ankakwera linawachoka tsiku limenelo, ndipo mpaka lero akamadutsa pa mphambano ina amaloza chipata n'kunena kuti umo tinkalowa.

Lamulo lomweli linasiya kampata kakang'ono kwa amene anali atapereka kale mapempho awo lisanafike tsiku la 20 Januwale 2005, ndipo pa kampata kameneka panabuka mlandu umene umandisonyeza bwino phindu la bungwe. Ku Dorset, mapempho a njira zisanu anakanidwa ndi khonsolo pa chifukwa choti mapu amene anaperekedwa anali okuzidwa pa kompyuta kuchokera pa sikelo ya 1:50,000 kufika pa 1:25,000, m'malo mojambulidwa pa sikeloyo kuyambira pachiyambi. Bungwe la okwera njinga zamoto la Trail Riders Fellowship linalimbana nawo mlanduwo mpaka unafika ku Supreme Court, ndipo mu 2015 oweruza atatu mwa asanu anagamula kuti mapuwo anali ovomerezeka. Taganizani, Achimwene: zaka zoposa khumi kuchokera pamene mapempho anaperekedwa, pa nkhani ya kukula kwa mapu. Palibe wokwera mmodzi wa malipiro ngati athuwa amene akanatha kulipira maloya kufika pamenepo, koma ndalama za umembala za anthu masauzande zinakwanitsa. Mutu umodzi susenza denga.

Chida chachiwiri chotsekera misewu, chimene chikugwira ntchito lero lino, ndi Traffic Regulation Order, mwachidule TRO, chochokera mu Road Traffic Regulation Act 1984. Khonsolo ikhoza kuletsa injini pa byway ngakhale ufulu wake uli pa mapu, ndipo NERC inapatsanso mphamvu imeneyi akuluakulu oyang'anira ma National Park. Ku Peak District, imodzi mwa ma National Park amenewa, misewu yotchuka ngati The Roych, Long Causeway ndi Chapel Gate inatsekedwa motere. Pa Chapel Gate bungwe lija linapambana ku High Court mu 2012 ndipo chiletso choyamba chinathetsedwa, koma akuluakulu a malowo anayambanso ndondomeko yonse mosamala, msewuwo n'kutsekedwa ndithu. Ndanena zimenezi kuti musaganize kuti khoti ndi mankhwala a zonse, chifukwa khoti limayang'ana ngati ndondomeko inatsatidwa, osati ngati chiletsocho chili chokomera okwera. Ku Lake District, National Park ina, zinthu zinapita kwina: mu 2019 akuluakulu a kumeneko anakana kutseka misewu iwiri ya ku Tilberthwaite ndi High Oxen Fell, otsutsa anapita kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la GLEAM, lolimbana ndi injini m'misewu yafumbi, ndipo mu 2020 khoti linakana dandaulo lawo. Mu 2022 boma linafunsanso maganizo a anthu ngati kuli koyenera kuwonjezera ziletso pa misewu yopanda tala, ndipo okwera anayankha mwaunyinji. Nkhondoyi siinathe.

Komabe sindingakunamizeni kuti otsutsana nafe alibe mfundo. Tsiku lina m'nyengo yozizira, mvula itagwa sabata yathunthu, tinafika pa kamsewu kena kovomerezeka, tinapeza mlimi wachikulire ataima pa chipata, nsapato zake zampira zitamira m'matope mpaka m'akakolo. Sanakalipe. Anangotitenga n'kutionetsa ngalande ziwiri zimene matayala a magalimoto anakumba usiku wathawo, zakuya kufika m'mawondo, madzi akuyenderera m'menemo ngati kamtsinje, ndiponso pamene ena anathyola mpanda n'kulowa m'busa la nkhosa zake pozemba matopewo. Anati thirakitala yake singafikenso kumtunda ndi udzu wa ziweto. Tinatembenuza njinga zathu n'kubwerera, ngakhale lamulo linkatilola kudutsa, ndipo ndimakhulupirirabe kuti tinachita bwino. Chithunzi chimodzi cha ngalande zotere chikafika pa tebulo la makhansala chimalemera kuposa makalata athu makumi asanu.

N'chifukwa chake ine ndimaima pakati pa mbali ziwiri. Ndimakana chiletso chamuyaya pa msewu umene vuto lake ndi la miyezi inayi yokha ya mvula ndi chisanu, chifukwa pali njira zina zimene zimagwira ntchito: kutseka m'nyengo yozizira yokha monga amachitira pa zigawo zina za Ridgeway (njira yakale yaitali ya kumwera kwa England), kuletsa magalimoto olemera n'kusiya njinga, kulola mbali imodzi yokha pamalo otsetsereka, kapena kukonza ngalande za madzi, pakuti nthawi zambiri chimene chimawononga msewu ndi madzi osowa kolowera. Koma ndimakananso maganizo a anzathu ena amene amati popeza ndi ufulu wathu tidutsa basi, kaya kuli matope kaya kulibe. Oyenda pansi ali ndi njira zonse, ife tili ndi zochepa kwambiri, ndipo pali anthu olumala ndi okalamba amene sangafike pamwamba pa mapiri amenewa popanda galimoto. Mfundo zimenezi ndi zamphamvu, koma zimamveka kokha zikachokera pakamwa pa anthu amene khalidwe lawo panjira ndi labwino.

Ndiye inde, lowani m'bungwe. La njinga zamoto ndi Trail Riders Fellowship, limene linakhazikitsidwa mu 1970 ndipo lili ndi nthambi m'madera ambiri, pomwe la magalimoto ndi Green Lane Association. Phindu loyamba mudzaliona sabata yoyamba yomwe, chifukwa mudzayenda ndi munthu amene amadziwa msewu wololedwa ndi wotsekedwa m'dera lanu, zimene mapu a Ordnance Survey (bungwe la boma lojambula mapu) paokha sangakuuzeni, popeza TRO ya mwezi watha siioneka pa mapu osindikizidwa kale. Malamulo a bungweli amapempha kuti liwiro lisapitirire mamailosi 25 pa ola, kuti magulu akhale aang'ono, kuti chipata chisiyidwe mmene mwachipezera, ndiponso kuti payipi ya utsi ikhale yosasokosa. Mukakumana ndi wokwera kavalo, imani pambali, zimitsani injini, mulankhule naye kuti kavaloyo amve mawu a munthu. Ndinaona mayi wina amene anabwera nkhope itakwinyika, kavalo wake akunjenjemera makutu ali chilili, koma titazimitsa njinga zonse zinayi n'kumupatsa moni, anadutsa pang'onopang'ono n'kutikwezera dzanja. Mayi ngati ameneyo ndi amene amalembera khonsolo, kaya motidandaula kaya motiikira kumbuyo.

Ntchito yeniyeni yomenyera ufuluwu ndi ya cholembera. Khonsolo ikafuna kuika TRO yokhalitsa imayenera kulengeza ndi kupereka masiku osachepera 21 oti anthu atsutse, ndipo chiletso chikakhazikitsidwa pamatsala masabata asanu ndi limodzi okha oti munthu apite ku High Court. Masiku amenewa amatha msanga, n'chifukwa chake nthambi za bungwe zimadziwitsa mamembala chilengezo chikangotuluka. Polemba, musakopere kalata ya mnzanu liwu ndi liwu. Nenani kuti ndinu ndani, mumadutsa kangati pa msewuwo, munaona chiyani, mumagula mafuta ndi chakudya m'mudzi uti, ndipo tchulani njira ina imene ingathetse vutolo popanda kutseka. Simufunika kukhala nzika ya dziko lino kuti mulembe kalata yotere. Sungani zithunzi ndi masiku a maulendo anu, ndipo nthambi ikaitana anthu okadula nthambi za mitengo kapena kutsegula ngalande mogwirizana ndi khonsolo, pitani ndi fosholo yanu. Mukafuna kukwera ku Scotland, dziwani kuti lamulo lawo la mu 2003 lopatsa anthu ufulu woyenda m'malo ambiri silikhudza injini, choncho kumeneko mumafunika chilolezo cha mwini malo.

Pa kanjira kamene munagwidwako, lowani pa intaneti mupeze definitive map ya khonsolo yanu, kapena lemberani ofesi yawo yoona za njira za anthu onse, muwafunse mtundu wa kanjirako ndiponso ngati pali TRO. Mukapeza kuti ndi byway yotseguka ndipo munkayenda mwaulemu, tengani yankho lawolo mulembere apolisi kupempha kuti aunikenso chenjezolo. Mukapeza kuti ndi footpath kapena bridleway, ndiye kuti apolisi sanalakwe, ndipo mudzisunge bwino miyezi 12 imeneyi. Ndilembereni ku inbox dera limene mukukhala, ndikuuzeni nthambi yapafupi ndi tsiku limene amakumana.