Kukwera Phiri la Mulanje kwa masiku atatu

FUNSO: Zikomo alembi, ine ndi anzanga awiri tikufuna kukayenda pa Phiri la Mulanje masiku atatu, tikumagona m'tinyumba ta pamwamba paphiripo. Kodi tikonzekere bwanji? Wowerenga, Mangochi.

YANKHO: Bambo, muyambire pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango, ndipo pomwepo mupeze wokulondolerani njira, chifukwa chiperoni chikatsika mwadzidzidzi njira simaoneka n'komwe. Usiku woyamba mukagone ku Chambe, wachiwiri ku Chisepo, kenako mulawirire kutsika popeza mtunda wobwerera ndi wautali. Nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi yotalika mamita 3,002, imakweredwa kuchokera ku Chisepoko, koma ife tikuona kuti imafunika tsiku lakelake, choncho muonjezere lachinayi kapena muisiye kaye.

M'tinyumbamo mumakhala mlonda amene amathandiza nkhuni ndi madzi, koma chakudya muyenera kunyamula nokha. Ufa ndi usipa wouma wa kwanuko sizilemera m'chikwama. Musaiwale tochi, jekete ndi chofunda chokhuthala, pakuti inu ozolowera kutentha kwa kunyanja kuzizira kwa Juni ndi Julayi kudzakusautsani kwambiri usiku. Nyengo ya dzinja muipewe, chifukwa matanthwe amaterera ndipo mitsinje imadzaza msanga.