Musayambe ndi tomato, achemwali

Kalata ndikuyankha leroyi yakhala mu imelo mwanga masabata awiri. Si ulesi ayi. Ndimati ndikaitsegula n'kuwerenga, ndimaitseka n'kukatsuka mbale, chifukwa yandikumbutsa zinthu zimene ndinkayesa kuti ndinaziiwala kalekale. Alemba ndi achemwali ena amene akuchita lendi ku Mchengautuwa, muno mu Mzuzu. Akuti kuseri kwa nyumba kuli kamalo, masamba kumsika mtengo wake wafika posauzana, akufuna ayambe kadimba koma chibadwire khasu sanaligwirepo, ndiye akufunsa kuti ayambire pati. Pamapeto pake anawonjezera kuti: "Aneba ndikuopa kuwafunsa, angandiseke kuti Mmalawi wanji wosadziwa kudzala mpiru."

Mawu omalizawa ndi amene andilasa mtima.

Ine ndinakulira ku Ndirande, m'nyumba yoti ukatuluka khomo lakumaso wafika mumsewu, ukatuluka lakuseri wagunda bafa ya aneba. Kwa ine mpiru unkamera pabenchi ya kumsika, womanga kale ndi kaluzi. Zaulimi kusukulu ndinkakhoza, musandipeputse. Kasinthasintha wa mbewu ndinkamuloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Koma mukanandiikira mbande ya repu ndi ya mpiru pamodzi n'kundiuza kuti ndisiyanitse, ndikanangoyang'ana kumwamba. Tsono bambo a kunyumba atawasamutsira ku Mzuzu pantchito, tinapeza nyumba ku Luwinga yokhala ndi bwalo lalikulu kuseri, udzu wolekeza m'chiuno. Alamu anga atabwera kudzationa anangoti, "Malo onsewa, inu n'kumagula masamba?" Ananena moseka, koma usiku umenewo sindinaone tulo.

M'malo mofunsa munthu ndinafunsa YouTube. Mabandulo amene ndinathera pamenepo akanatigulira masamba a mwezi wathunthu. Azungu a m'mavidiyomo ali ndi mabedi amatabwa, dothi logula m'matumba, magolovesi m'manja, ndipo nkhani yawo ndi yoti tidzale chipale chikasungunuka. Pa zonsezo ine maso anangokodwa pa tomato. Wofiira psu, wonenepa, ali lendelende pazichiri. Ndinagula mbande 40 mu Januwale, mvula ili pachimake, ndinakumba timaenje, ndipo m'dzenje lililonse ndinathiramo dzanja lodzadza la zitosi za nkhuku zaziwisi, zokokolola m'khola m'mawa womwewo. Ndinkati ndikuzikonda mbewu zanga. Masamu ndinali nditawerengera kale: wina tidya, wina ndigulitsa kwa azimayi akumvano, ndalamayo ndigulira makatani a pabalaza.

Pasanathe sabata theka la mbande zija linali litapsa ndi zitosi. Zotsalazo zinakula bwino ndithu, mpaka maluwa, mpaka ine kujambula n'kuika pa WhatsApp kuti alamu aone. Kenako kunabwera sabata ija ya ku Mzuzu yoti dzuwa osalionako, mvumbi usana ndi usiku, zovala pachingwe kumangonunkha chinyezi. Masamba a tomato anayamba mawanga akuda ngati wina wawathira madzi owira, tsinde n'kuda, timatomato kuwola tisanayambe n'kufiira komwe. Chiwawu. Dzinalo ndinalidziwa pambuyo pake. Ndinadikira kuti kude, ndinazula zonse n'kukaponya kudzala kuti aneba asaone.

Aneba anali ataona kale. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala agogo ena ochokera cha ku Ekwendeni, olera zidzukulu zitatu. Miyezi yonseyo tinkangopatsana moni, ine n'kuthamangira m'nyumba kuopa kuti angayambe nkhani ya dimba. M'mawa mwake anandiitanira pampanda.

"Mwana wanga, mwazula?"

"Eya agogo, mbewu yake inali yoipa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mbewu ilibe mlandu. Tomato wa dzinja kuno amafuna munthu wa pampu ndi mankhwala. Kodi inu mukufuna mphangwe kapena mukufuna geni?"

Mphangwe ndiwo masamba m'Chitumbuka, kwa inu amene mukuwerenga muli kumwera. Ndinati ndikufuna ndiwo basi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala ka kope kopindapinda, mkati muli tinjere takuda tonyezimira, toti ukayetsemula taulukira kwa aneba, ndi nthanga zisanu za maungu pambali. "Bonongwe uyu. Musakanize ndi mchenga, muwaze, musakwirire kwambiri. Zitosi zija zawola tsopano, bedi lake ndi lomwelo."

Kunena zoona ndinakhumudwa. Bonongwe, amene amamera yekha kudzala? Ndinawaza mwaulemu chabe, kuti agogo asaone ngati ndawanyoza. Patatha mwezi ndinathyola dengu loyamba, ndinatendera ndi nsinjiro, ndipo bambo a kunyumba anapempha nsima ina. Nkhwani nawo unayala mpaka kukwera mpanda. Ndinathyola wina n'kuwaponyera agogo aja, iwo n'kunena kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndikanafunsa mu Januwale.

Tsono apa ndilankhule mosapsatira, olo ena mukwiye. Nkhani ija timakonda yoti "ine ndilibe dzanja la mbewu" ndi bodza lodzitonthoza nalo. Chimene chimapha madimba a ife okulira m'tauni ndi matama. Timafuna tiyambire pamwamba. Tafika poti munthu akadzala letesi ndi sipinachi timati ndi wotsogola, akadzala chisoso ndi luni timati zamuvuta. Chonsecho kusikelo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo pagulu la masamba amene amatchulidwa ndi omwewa: bonongwe, nkhwani, kholowa, chigwada, chitambe. Ndi masamba owonjezera magazi, ndipo anazolowera dothi lathu, tizilombo tathu ndi ulesi wathu womwe. Kholowa mumangodula chingwe cha mbatata kwa mnzanu n'kuzika. Chisoso simuchita kudzala n'komwe, mumangosiya kuchizula. Munthu amene sanagwirepo khasu akayamba ndi tomato, ine ndimamuona ngati amene sanakwerepo njinga koma akufuna ayambe ndi kabaza wonyamula matumba a makala. Tomato mukumuona ali mbwee m'mbali mwa msewu wa M1 pa Jenda paja ndi wa anthu amene ulimiwo ndi ntchito yawo. Amapopera mankhwala, amadziwa mbewu yopirira, ndipo nawonso zaka zina amalira.

Chinanso chimene mavidiyo sangakuuzeni ndi Mzuzu yemweyu. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo mvula yathu simvera kalendala ya ku Lilongwe. Anzathu akamakolola ife ikadagwabe mpaka Epulo, nthawi zina Meyi. Amene munali kuno mu Epulo 2016 mukukumbukira mmene nyumba zinagwera. Juni ndi Julayi ndi chisanu cholowa m'mafupa ndi kamvula kowaza. Mvula yochulukayi imatsuka chakudya cha m'nthaka, n'chifukwa chake katondo wathu wofiirayu m'malo ambiri ndi wa asidi. Paini amasangalala naye, khofi nayenso samadandaula. Ndipotu mzinda uno unayamba cha mu 1947 ngati esiteti ya tung, mitengo yotulutsa mafuta, usanadzakhale mzinda mu 1985, ndiye tikuchita lendi m'munda wakale tonsefe. Koma masamba amafuna muwadyetse kaye. Ubwino wake ndi woti chisanu chimene timadandaula nachochi ndicho repu, mpiru, chainizi ndi kabichi amakonda. Bonongwe ndiye amanyinyirika mu Juni, amadikira kuti kufunde.

Za feteleza ndisayambe, ndingatukwane. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lake timangolionera pawindo. Koma kadimba ka kuseri kwa nyumba sikafuna thumba. Makoko a nthochi, a mbatata, zotsala za masamba, udzu wotchetcha, zinyalala zosesa pabwalo, zonsezi timalipira munthu kuti akataye, kenako n'kumadandaula kuti dothi ndi loguga. Kumbani dzenje, muziponyamo, muzisanjikiza ndi kadothi ndi zitosi, mapulasitiki okha ayi. Pakatha miyezi itatu mupeza dothi lakuda lonunkhira ngati m'nkhalango ya Kaning'ina. Ofulumira amapanga manyowa a Mbeya: ndowe kapena zitosi, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Muyezo wake weniweni funsani alangizi a zaulimi, ndipo kuno tili ndi mwayi poti malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa ali mumzinda momwe muno.

Ndaona kuti ndalemba zambiri funso lanu ndisanaliyankhe.

Malo

Yang'anani pamene dzuwa limawomba maola osachepera asanu ndi limodzi, kutali ndi bulugamu chifukwa mizu yake imamwa madzi onse. Bedi limodzi lokha, mita imodzi mulifupi kuti muzifikira pakati osapondapo, mamita atatu mulitali. Dzinja likhale lokwera kuti madzi asadikhe, chilimwe lotsikirako kuti asunge chinyontho. Gaulani mozama, phwanyani zibuma, sakanizani ndowa ziwiri kapena zitatu za manyowa owola bwino ndi phulusa lowaza pang'ono. Owola, achemwali, osati a m'mawa womwewo.

Zodzala

Koyamba gulani mbande za mpiru kapena repu kwa olima m'madambo, nazale mudzaphunzira pambuyo. Sankhani za masamba anayi kapena asanu, wokerani madzulo dzuwa litapepa, motalikirana masentimita 30, n'kuthirira pompo. Mawa lake zidzaoneka zofota ngati zafa. Musazule, zimadzuka. Phimbirani pansi ndi udzu wouma. Pakatha masabata atatu kapena anayi muyamba kuthyola, masamba akunja okha, mtima muusiye. Nsabwe zikayamba kuunjikana kunsi kwa masamba zifikiseni ndi zala, kapena wazani madzi a sopo pang'ono ndi tsabola wosinja. Ulendo wachiwiri pabedi lomwelo dzalani nyemba, mudyeko khwanya, chifukwa mpiru, repu ndi kabichi ndi pachibale ndipo amapatsirana matenda. Kasinthasintha uja ndi ameneyu, ndinadzamumvetsa ndili ndi ana awiri.

Madzi ndiye mukambirane ndi amene amalipira bilu musanayambe. Ine mwezi wina wa Okutobala ndinasiya paipi ikuthirira n'kupita kumaliro, ndipo bilu itabwera m'nyumba munalibe kuyankhulana masiku awiri. Kuchokera pamenepo ndimatchera migolo pansi pa malata mvula ikamagwa, ndipo chilimwe madzi otsukuluzira zovala ndi otsukira mpunga onse amapita kudimba, patsinde, osati pamasamba. Kheni sindinagule, ndinaboola chigubu cha malita asanu ndi msomali wotentha.

Koma mdani wamkulu sindinamutchule. Si mbozi, si nkhono. Ndi nkhuku za aneba. Nkhuku ya ku Mzuzu imatha kudutsa mabwalo anayi a udzu wobiriwira osayang'ana n'komwe, n'kudzaima pabedi lako lomwe wawokera dzulo. Theka la ola ikhala itamaliza. Ukapita kukadandaula amakuyankha kuti nkhuku ilibe nzeru, ngati iwe unati ili ndi digiri ya ku Mzuni. Mangani kampanda musanadzale kanthu, ka nsungwi, ka mapesi kapena ka matumba akale. Masikito a kuchipatala okha musatchingire dimba, amenewo ndi a malungo, ndipo ndimapsa mtima ndikawaona atakutira mpiru mwana akugona pamtetete. Ndi poti muli pa lendi, a landilodi muwauze kaye. Mnzanga wina analima bwinobwino, repu atangofika pothyola n'kuuzidwa kuti malowo akufuna kumangapo boizikota. Ngati a kwanuwo ndi ovuta, dzalani m'matumba: dothi losakaniza ndi manyowa, kuboola pansi ndi m'mbali, mbande zina pamwamba zina m'mabowo. Tsiku losamuka dimba limakwera nawo lole.

Mudzakumananso ndi aja oti pothirira saoneka, koma masamba akangobiriwira ndi "odi, tithyoleko ka ndiwo". Apatseni, makamaka amene ali ndi khasu ndi wilibala. Ndipo aneba mukuwaopawo, pitani mawa lomwe mukawapemphe njere. Akuseka, inde, agogo aja anandiseka mpaka kutsokomola. Iwo anabwerera kumudzi zidzukulu zitakula, koma bonongwe wawo ndikadali naye. Chaka chilichonse ndimasiya mitengo iwiri kuti ikhwime, ndimapukusira ngala zake m'lichero, njere n'kusunga m'kabotolo ka Vaseline pawindo la kukhitchini.

Tomato ndinadzamubwerera chaka chachitatu, mitengo isanu yokha, mu Ogasiti mvula kulibe. Inabereka itatu. Makatani aja ndinagula ndi ndalama za banki m'khonde.