Zombo zikayamba kumira musadikire

Amwene, za laputopu yoti mugule zija ayankhe ena, ine ndingonenapo za zombo zanu zomwe mukuti zikutha mu Hearts of Iron IV, gemu ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ija, mukakumana ndi Britain, nkumafunsa ngati pali njira yothawira. Batani lothawira lilipo, dinani pa nkhondoyo panyanja pomwepo, windo likatseguka muona disengage. Koma musaganize kuti mukadina ndiye basi mwatuluka ngati mmene timatsikira minibasi ya ku Nkhata Bay ayi, zombo zimatenga maola angapo a mugemu kuti zichoke ndipo nthawi yonseyo mdani akukuswani. Zothamanga zimapulumuka, ma battleship olemera aja ndi amene amatsalira mmbuyo nkumadya ma torpedo.

Ine zinandionekera ndikusewera Italy. Mu 1940 ndinatulutsa zombo zonse padoko la Taranto kukasaka a British cha ku Malta, ma destroyer anga nkuyamba kumira imodziimodzi, ine pheee ndili mbulangete kuno ku Chibavi ndi kuzizira kwa June kuja nkumati dikira kaye mwina zisintha. Sizinasinthe. Ma destroyer atangotha screening, chitetezo chomwe zombo zazing'onozi zimapereka kwa zazikulu, inagwa, pomwe ndimadina zothawa nkuti madzi atafika kale mkhosi, ma battleship anga anayi onse anapita usiku umodzi. Ndiye inali ironman, save yoti ubwererepo palibe. Battleship imodzi kuimanga imadya zaka ziwiri kapena kuposa, gemu yonse ndinangotsala woonerera ma convoy anga opita ku Libya akumizidwa.

Ndiye muziyang'ana ma destroyer osati zazikuluzo. Pa battleship iliyonse pazikhala atatu kapena anayi, mukaona akuchepa thawani pomwepo ngakhale zazikulu zisanakhudzidwe. Komanso musanatuluke padoko sinthani engagement, lamulo louza zombo nthawi yoti zilowe nkhondo, ikhale low risk kapena medium, ndipo repair muiike yoti zibwerere zokha zikangovulala. Aja akuti ikani always engage kaya amasewera gemu yanji, mwina amasewera America yomwe ma dockyard ndi mbwee. Strike force, gulu la zombo lodikira kukaswa mdani akaoneka, izikhala padoko, zoyendayenda pa patrol zikhale zochepa zothamanga, apo ayi mafuta amatha musanaombe ndi chipolopolo chomwe.

Chinanso, osamenyera kutali komwe ndege zanu sizifika. Pafupi ndi Sicily ma naval bomber amakugwirirani ntchito, mukapita cha ku Alexandria muli nokha.

Man the Guns ija ya 2019, yowonjezera zapanyanja mu gemuyi, ine ndinaipeza pa sale ya Steam cha mma 10 dollars. Ndipo muzisewera laputopu ili ndi chaji, magetsi akathima nkhondo ili pakati mudzakwiya zenizeni.