Nkhungu ya ku Tsangano musaidetse, achimwene

Achimwene, mwafunsa chimene chikusowa pa zithunzi zitatu zija mwajambula m'nkhalango cha ku Tsangano mu Julaye, poti anthu akungoti zada kwambiri. Ndaziyang'anitsitsa. Diso muli nalo, malo munasankha bwino, koma nkhungu mwaidetsa, ndipo n'chifukwa chake sizikugwira mtima.

Nkhungu ya m'mamawa ndi yoyera, imawala. Kamera ikaona kuyera kochuluka chonchija imayesa kuti kwawala mopyola, ndiye imadzichepetsera yokha kuwala, zonse n'kutuluka zotuwa ngati phulusa. Inu mukwezereni exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera) kufika +0.7 kapena +1. Ngati ndi foni, dinani pamene pali mtengo, kadzuwa kakaoneka mukakokere m'mwamba pang'ono. Pokonza ndikuona kuti munakoka kwambiri Dehaze mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, n'kudetsanso m'mphepete monse ndi vignette. Dehaze ntchito yake n'kuchotsa nkhungu, ndiye munafafaniza chomwe munadzukira m'bandakucha kukafuna. Isiyeni pa 0, mwinanso muibweze mmbuyo pang'ono.

Chandipweteka kwambiri ndi mtundu. Zonse mwazisandutsa zabuluu kuti zifanane ndi za ku Ulaya. Kumeneko buluu amabwera chifukwa chipale chogwa pansi chimabweza mtundu wa thambo. Ife ku Angónia ndi Tsangano chisanu chathu chili ndi maonekedwe akeake: udzu wouma wachikasu utanyowa ndi mame, dothi lofiira la m'kanjira, ndere zotuwa pa makungwa, kautsi ka moto wa m'khitchini kakukwawa m'dambo. Mukazithira buluu zonsezi zimafa. White balance (poikira mtundu wa kuwala m'kamera) muiike pa Cloudy, muone mmene udzu ubwererere.

Chithunzi chachiwiri chija ndi chomwe chili ndi moyo. Msuku wopindika uja waima patsogolo, wakuda bii, mitengo ya kumbuyo ikunka nizilala mpaka kusowa. Kuzama kwa chithunzi cha nkhungu kumachokera pamenepo. Kungoti nthambi yake yagundana ndi thunthu la kumbuyo. Mukanasendera kumanzere pang'ono chabe, mpata woyera ukanaoneka pakati pawo. Chachitatu ndi mabulugamu okhaokha ofanana msinkhu, diso likusowa pofikira. Chimenecho chisiyeni. Choyamba chingodulidwa kumwamba, thambo lachuluka.

Mukabwereranso, fikani kusanache. Miyezi ya chisanu dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo likangowomba nkhungu ya m'madambo siichedwa kubalalika. Masiku a chiperoni ndi abwino koposa, chifukwa kamvula kowaza kaja kamasunga nkhungu nthawi yaitali ndipo makungwa akanyowa amada bwino okha popanda kuwakonza. Tengani kansalu kofewa, galasi la kamera limanyowa ndi timadontho ta nkhungu. Kuwala kumakhala kochepa, choncho kamera itsamire pa mwala kapena pa chitsa m'malo mokweza ISO (mphamvu ya kamera yokokera kuwala) mpaka chithunzi kuchita timadontho.

Musaiwale kuti chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mitengo ya mombo imaphukira masamba ofiira mvula isanagwe, utsi wa lupsa uli m'mwamba. Nkhalango yomweyo idzakupatsani zina.

Chachiwiricho tumizani chosakonza, ngati document osati ngati chithunzi wamba, chifukwa WhatsApp imachifinya mpaka nkhungu kuoneka mizeremizere. Ndikufuna ndione ngati m'makungwa a msuku uja mwatsala kanthu.