Funsani Tiyankhe: Kodi ndondomeko ya zachilengedwe itilanda minda?

FUNSO: Ndine mlimi wa fodya ndi chimanga kuno ku Furancungo, m'boma la Macanga. Ndamva pa wailesi kuti boma lili ndi ndondomeko ya dziko lonse yotetezera nyama, mitengo ndi zamoyo zina, ndipo akuti pofika 2030 malo ambiri adzakhala otetezedwa. Kumudzi kuno anthu akuti basi, minda yathu isanduka malo a njovu ngati ku Mágoè. Kodi n'zoona? — Mlimi wa ku Furancungo

YANKHO: Bambo, khazikani mtima pansi, koma musagone tulo.

Ndondomekoyo ilipodi. Mozambique ili m'pangano la zamoyo zachilengedwe lomwe mayiko anasainirana ku Rio de Janeiro mu 1992, ndipo dziko lililonse lomwe lili m'panganoli limayenera kulemba ndondomeko yakeyake. Yathu yoyamba inatuluka mu 2003. Yachiwiri inalembedwa kuti igwire ntchito kuyambira 2015 mpaka 2035, ndipo ili ndi zolinga 20. Za 2030 mwamvazo zinachokera ku Montreal mu Disembala 2022, kumene mayiko anagwirizana kuti 30 peresenti ya mtunda ndi madzi itetezedwe, ndiponso kuti dziko lililonse likonzenso ndondomeko yake. Chiwerengerochi n'cha dziko lonse lapansi, si kuti mudzi uliwonse upereke gawo lake. Kuno kwathu malo otetezedwa afika kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda wonse.

Pepala la ndondomeko palokha silisamutsa munthu. Paki imakhazikitsidwa ndi chigamulo chapadera cha nduna za boma, monga zinachitikira ku Mágoè mu 2013, kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa. Komanso lamulo la malo la mu 1997 likuti nthaka ndi ya boma, inde, koma ufulu wa anthu amene akhala pamalo motsata mwambo umalemekezedwa ngakhale alibe chikalata cha DUAT chosonyeza ufulu wogwiritsa ntchito malo, ndipo wofuna malowo ayenera kuyamba wafunsa anthu a m'mudzi. Pakufunsa pomwepa ndi pamene pamapotoka zinthu. Ndakhalapo pamisonkhano pomwe mlendo amawerenga pepala m'Chipwitikizi, anyakwawa n'kugwedeza mutu, anthu n'kudinda zala, dzuwa lisanapendeke nkhani yatha.

Ine ndikuona kuti kwanu ku Macanga nkhani yaikulu si njovu ayi, ndi nkhalango. Chigafa chilichonse chimafuna mitengo, makala akupita ku Tete ndi ku Moatize pamatumba, ndiye kukafika mu Ogasiti anyamata ayatsa tchire lonse kufuna mbewa zosadzaza ndi mbale yomwe. Mitengo ya nkula inadulidwa mopanda chisoni mpaka boma linaletsa kuidula mu 2018. Nkhalango ikapita sipita yokha: bowa wa m'dzinja, masuku, mphalabungu, uchi ndi mitsitsi ya mankhwala zimatsagana nayo, ndipo zitsime za m'dambo zimayamba kuphwa msanga. Zamoyo zimene ndondomeko ikunena ndi zimenezi, zomwe amayi anu kunyumba amaika m'lichero.

Tayang'anani pamene patsala mitengo yaikulu m'midzi yathu: kumanda ndi kudambwe. Palibe mlonda wa boma amene amalondera kumeneko, ndi mwambo wokha. Pangano la ku Montreal limavomereza malo osamalidwa ndi anthu eniake, ndipo lamulo lathu loteteza zachilengedwe la mu 2014, lomwe linakonzedwanso mu 2017, limalola mudzi kukhala ndi malo otetezedwa oyendetsedwa ndi mudziwo. Ichi n'chifukwa chake ndikuti musagone. Malo amene sanalembedwe m'dzina lanu, wa ku Maputo akawaona pa mapu amangoti ndi tchire lopanda mwini.

Pali ndalamanso. Lamulo likuti 20 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera pa ziphaso zodulira mitengo ndi zosakira nyama ibwerere kwa anthu a m'deralo. Chigawo chathu cha Tete ndi chimene chinatsogola pa nkhani yogawana phindu ndi midzi, kudzera mu pulogalamu ya Tchuma Tchato yomwe inayambira ku Bawa m'zaka za m'ma 1990. Koma ndalamayi siimusaka munthu. Mudzi uyenera kukhala ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe yolembetsedwa ku boma, komanso akaunti ku banki. Midzi yambiri imagwera pa akaunti pomwepa, chifukwa osainira alibe ziphaso za unzika.

Choncho tengani anyakwawa ndi amayi awiri kapena atatu odziwa nkhalango, mupite ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ntchito zachuma, pa boma panu. Mukafunse ngati malire a malo a mudzi wanu analembedwa, ngati pali amene anapatsidwa chilolezo chodula mitengo m'dera lanu, ndi kumene 20 peresenti yake ikupita. Akabwera kudzachititsa msonkhano, pemphani kuti pepala liwerengedwe m'Chichewa musanadinde chala, ndipo kope limodzi litsale m'mudzi.