Funsani Amalume: Ekizozi ikubangula, nanga mphamvu yawonjezeka?

Amalume, ndimakhala ku Mufakose, mu Harare, ndipo ndimaperekera anthu katundu m'tauni pa njinga yamoto ya 150cc. Mwezi watha ndinagula ekizozi yotseguka ku Mbare, mnzanga n'kundiikira jeti (kachitsulo ka bowo lodutsa petulo) yaikulu mu kabyuleta. Tsopano ndikailiza, agalu a mumsewu wonse amadzuka. Ine ndikuona ngati ikuthamanga kuposa kale, koma mayi a kunyumba akuti chawonjezeka ndi phokoso ndi ndalama za petulo basi. Ndingadziwe bwanji zoona?
Wowerenga wa ku Mufakose

Mphwanga, mayi a kunyumbawo usawatsutse msanga. Khutu ndi mboni yabodza. Njinga ikamabangula, thupi limakhulupirira kuti ikuuluka, chonsecho mwina yafooka.

Choyezera chenicheni ndi makina otchedwa dyno. Njinga amaimangirira, tayala lakumbuyo n'kumazunguza chigudumu cholemera, kompyuta n'kulemba mphamvu imene ikufika pa tayalalo. Koma dyno imafuna uyeze kawiri, usanasinthe kanthu ndi utasintha, pa makina omwewo. Iwe unayamba ndi kusintha, ndiye ngati ekizozi yakale ndi jeti yake sunataye, zibwezere kaye tipeze poyambira.

Usayembekezere zozizwitsa. Njinga za 150 zonyamulira katunduzi papepala zimalembedwa mphamvu ya mahatchi (horsepower) 12 kapena chapompo, ndipo ena amathera mu tcheni ndi magiya. Kuwonjeza apo, Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, moti injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse. Njinga yomweyi utapita nayo ku Beira, m'mbali mwa nyanja yamchere, ingakudabwitse. Tsono tinene kuti ekizozi yakupatsa 5 peresenti: pa tayala ndi theka la hatchi chabe. Theka la hatchi sungalimve ndi matako.

Ndalama ya dyno ikasowa, foni yako ikwanira. Peza msewu wosalala wopanda anthu, m'mawa Lamulungu, osati mu msewu wa Samora Machel pakati pa makombi. Ika giya 4, yenda pa liwiro la makilomita 40 pa ola, kenako kokera moto wonse mpaka 70 osasintha giya. Liwiro uliwerengere pa GPS ya foni yomangirira pa handulo, chifukwa sipidomita imakonda kukometsa. Pulogalamu ilembe yokha masekondi, maso ako akhale pa msewu. Chita katatu kupita, katatu kubwerera, kuti mphepo ndi kachitunda zisakunamize, n'kutenga nambala yapakati. Tsiku lachiwiri zonse zifanane: mpweya wa m'matayala, petulo wa mu thanki, bokosi lakumbuyo lopanda kanthu, injini itatentha bwino. Ndipo usinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Iwe unasintha ziwiri, ndiye ngakhale itathamanga sungadziwe woti umuthokoze.

Ine zinandionekera pa 125 yanga yakale. Ndinaika chipaipi chonyezimira, ndikuyenda monyada sabata yathunthu. Nditayeza, ekizozi yakale inkatenga masekondi 9, yatsopanoyo 10. Kumwamba, injini ikalira kwambiri, inkakokako pang'ono, koma pakati, pamene timayendera tsiku lonse pochoka pa maloboti, inali itagwa mphwayi. Ndinaichotsa usiku, anzanga asanaone.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi jetiyo. Petulo amapsa bwinobwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la mafuta, ndipo mphamvu yochuluka imapezeka mafuta akachulukirapo pang'ono, cha pa 13. Apa zinthu zitatu zikukokanakokana. Ekizozi yotseguka nthawi zambiri imafuna mafuta owonjezera. Petulo wosakaniza ndi ethanol, amene timathira kuno, nayenso amafuna owonjezera. Koma mpweya wopepuka wa Harare umafuna ochepa. N'chifukwa chake nambala ya jeti imene wina waitchula pa YouTube ali m'mbali mwa nyanja si yoti n'kutengera. Komanso manambala a majeti a Keihin ndi a Mikuni, makampani opanga makabyuleta, sawerengedwa mofanana.

Funsa pulagi. Ika yatsopano, thamanga ndi moto wonse kwa kanthawi, gwira klatchi n'kuzimitsa injini pomwepo osailola kulira payokha, ndiye umasule uone. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Ikakhala yakuda, yamwaye wouma ngati pansi pa mphika, mafuta achuluka, ndipo ndi kumene ndalama ya ndiwo ikupita. Ikayera mbuu, ima pompo: mafuta achepa, injini ikutentha, ungaboole pisitoni.

Ndi zimene wanena za petulozo, ndikuganiza kuti upeza yakuda. Ikatero tsika jeti sitepe imodzi, yezanso, undilembere masekondi ake. Ukadzaza thanki uzilembanso makilomita, mayi a kunyumba aone okha.
Amalume