Ndege ili m'mwamba, waya ali pansi: zikumana bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Dzina sinditchula. Mwana wawo wamwamuna akuphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa, ndipo analemba motere: "Akandiimbira foni amangokamba za mawaya a magetsi, akuti aphunzitsi ake tsiku silipita osawatchula. Ine ndimadziwa kuti ndege imauluka m'mitambo, mawaya ali pansi pano. Zikumana bwanji? Nanga ikawakhudza, ndiye kuti mwana wanga apsa ndi magetsi? Ndiuzeni zoona, musandinyengerere."

Mayi, sindikunyengererani. Aphunzitsi amenewo muwathokoze, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiyambe ndi nkhani ya kupsayo. Mwaonapo akhwangwala atandandalika pa waya wa ESCOM, osamva kanthu. Magetsi amavulaza akapeza njira yodutsa m'thupi kupita pansi kapena kupita pa waya wina, ndiye mbalame yomwe yagwira waya mmodzi ilibe vuto. Ndege ili mlengalenga nayo sikhudza nthaka. Zoona, ikalumikiza mawaya awiri nthawi imodzi moto umathetheka ndipo mafuta atha kuyaka. Koma ambiri amene amafa pa ngozi zoterezi sawapha magetsi ayi. Amawapha ndi wayayo, ngati chingwe chabe. Mawaya ambiri a mizere ikuluikulu ndi a aluminiyamu kunja, koma pakati pali chitsulo cholimba. Akakola matayala, ndege imagudubuzika chamutu ngati mbewa pa msampha. Akakola phiko kapena mchira, amadula. Ndipo popeza ndegeyo ili kale pafupi ndi nthaka, palibe mpata woikonza.

Pa zakuti ndege imauluka m'mwamba mukunena zoona. Lamulo lomwe mayiko ambiri amatsata limati kunja kwa tauni ndege isatsike kufika pansi pa mafiti 500, omwe ndi mamita pafupifupi 150, ndipo pamwamba pa tauni ndi mafiti 1,000. Mapolo a mitengo satalika kupitirira mamita khumi ndi angapo, ndipo nsanja zachitsulo zambiri, ngati za mzere wa 400 kV uja wochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma, sizifika ndi pa theka la mamita 150 amenewo. Mwana wanu ali pa ulendo wabwinobwino mu kandege kophunzirira ngati Cessna 172, mawaya sakumukhudza.

Vuto limabwera pamene watsika. Amatsika potera ndi ponyamuka, ndipo mabwalo a m'mafamu ndi m'mapaki a nyama sali ngati Chileka, ena ndi kamsewu ka fumbi komwe waya wadutsa chakumapeto. Amatsika injini ikazima, pofuna munda woti aterepo. Apa msewu wa tala umaoneka wokopa kwambiri, koma taganizani, ndi msewu uti kwathu kuno wopanda mapolo m'mbali, kapena waya wodumpha kupita ku golosale ya tsidya? Amatsikanso mitambo ikamupanikiza, iye n'kumatsata mtsinje kapena msewu kuti asasochere. Ndiye pali kutsika kwina komwe sindikukonda n'komwe: mnyamata wapeza laisensi, akufuna adutse pamwamba pa nyumba ya chibwenzi kuti amuone. Mukamva wanu akukamba zodzakuwulukirani pa denga tsiku lina, mumukalipire ngati akadali wa sitandade 5.

Zigwa ndiye zoopsa kuposa zonse. Waya akadumpha mtsinje, nsanja imodzi ili paphiri lino, inayo paphiri la tsidya, pakati pake waya amalendewera mamita ochuluka kuchokera pamadzi, pamalo pamene woyendetsa akudziona kuti ali pamwamba mokwanira. Ku Cavalese, ku Italy, pa 3 February 1998, ndege ya asilikali a ku America yomwe inkauluka motsika m'chigwa inadula chingwe cha ngolo zonyamula anthu kupita paphiri. Ngolo inagwa, anthu 20 anafa. Sichinali chingwe cha magetsi, komanso ndegeyo sinali yaing'ono, koma msampha wake ndi womwewo.

Mwina mukuti, nanga iye alibe maso? Mawa madzulo tulukani panja, muyang'ane waya wa magetsi kumene kumbuyo kwake kuli thambo. Muwona bwinobwino, mzere wakuda. Ndiyeno mutsatireni ndi maso mpaka pamene kumbuyo kwake kuli phiri la Zomba kapena mitengo ya mango. Wasowa. Ife oyenda pansi timaona waya chifukwa timamuyang'ana chokweza, thambo lili kumbuyo. Woyendetsa ndege amamuyang'ana chotsitsa kapena chopingasa, kumbuyo kwake kuli minda, miyala ndi tchire. Waya watsopano amanyezimira pang'ono, wakale amachita mbuu, n'kufanana ndi nthaka. Onjezanipo dzuwa la kumaso, utsi wa lupsa wa mu September, ndi tizilombo tofera pa galasi.

Ndiye liwiro. Kandege kakang'ono kothamanga makilomita 180 pa ola kamadya mamita 50 pa sekondi iliyonse. Bwalo la mpira lonse, kuchokera golo ino kufika golo inayo, ndi masekondi awiri. Akaona waya ali pa mtunda wa bwalo limodzi, m'masekondi awiriwo diso liwone, mutu uvomere kuti ndi waya, dzanja likoke, ndegeyo imvere. Nthawi zambiri sizikwanira.

Palinso kamsampha kena pa nsanja zikuluzikulu. Mawaya onenepa amene mumawaona sindiwo ali pamwamba penipeni. Pamwamba pawo pamadutsa kawaya kena kowonda koteteza mzerewo ku mphenzi. Woyendetsa amaona onenepawo, amakwera pang'ono, akuti ndawadumpha, kenako kawaya kowondako n'kumukola. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuti podumpha mzere azidumphira pamwamba pa nsanja penipeni, osati pakati, popeza nsanja ndiyo imaoneka ndipo palibe waya woposa mutu wake.

Amene nkhaniyi amaidziwa bwino ndi a ku Australia, komwe ndege zopopera mankhwala m'minda ya thonje ndi tirigu zimauluka mamita awiri kapena atatu pamwamba pa mbewu tsiku lonse. Kumidzi ya kumeneko magetsi amayenda kwambiri pa waya mmodzi yekha, nthaka n'kumagwira ntchito ya waya wachiwiri. Njirayi amaitcha SWER, ndipo anaiyambitsa ndi injiniya wa ku New Zealand, Lloyd Mandeno, cha m'ma 1925. Ndi yotchipa, koma wayayo ndi wowonda ngati pensulo, ndipo mapolo ake amatalikirana mamita mazanamazana, lina litabisala m'mitengo. Bungwe lofufuza ngozi kumeneko, la ATSB, litaunika ngozi za ndege zopoperazi linapeza chinthu chomwe ine chinandidabwitsa: oposa theka la oyendetsa amene anagunda waya ankadziwa kale kuti wayayo alipo. Ena anali atamudumpha kangapo tsiku lomwelo.

Izi ndinazimvetsa bwino ndi chingwe choyanikira zovala. Kuseri kwa nyumba yanga kuli chingwe chomwe ndinamanga ndekha, kuchokera pa mtengo wa mapeyala kufika pa khoma la bafa. Ndimachidziwa ngati dzina langa. Tsiku lina madzulo nkhuku inalowa m'dimba la masamba, ine liwiro kuithamangitsa, maso onse ali pa nkhuku. Chingwe chinandigwira pakhosi, ndinapezeka ndili chagada, ana akuseka. Sindinaiwale kuti chingwe chilipo, koma kwa masekondi atatu mutu unali kwina. Woyendetsa ndege yopopera zimamuchitikira choncho. Wagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, watopa, mankhwala atsala pang'ono, wamaliza munda koma wabwerera kuti akapopere kangodya komwe kanatsala, akulowera mbali ina yomwe sanailowerepo. Nkhuku yake ndi kangodyako. Anthu amati tsoka silinunkha, koma limeneli limanunkha ndithu, kungoti mphuno imazolowera.

Mipira yofiirira, yoyera kapena yachikasu imene mwina munaionapo pa mawaya pafupi ndi mabwalo a ndege si yokongoletsa. Ndi yoti woyendetsa aone pamene waya wadutsa. Pansi imaoneka ngati mpira wa miyendo, koma malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, amati isachepere masentimita 60 m'mimba mwake, ndipo ku America yopachikidwa podumpha zigwa ndi mitsinje imafika masentimita 91. Koma musadalire kwambiri zimenezi. Mipirayi imaikidwa m'malo ochepa. Waya wopita ku chigayo kapena ku pampu ya madzi ya pa famu palibe amene amamuika chizindikiro, ndipo pa mapu a ndege sapezekapo.

Mahelikopita ambiri ali ndi mipeni iwiri, wina pamwamba pa galasi, wina pansi pa mphuno. Anaipanga a Bristol Aerospace ku Winnipeg, ku Canada. Waya akagunda kutsogolo amatsetsereka n'kulowa m'kamwa mwa mpeniwo, n'kuduka. Ndege zopopera monga Air Tractor nazo zili ndi zodulira pa miyendo, ndi chingwe chochoka pamwamba pa woyendetsa kufika pa mchira kuti waya asakole kumbuyo. Zapulumutsa anthu, koma zimafuna kuti waya abwere molunjika ndiponso liwiro likhale lokwanira. Ndege zophunzirira zilibe zimenezi.

Komwe moto wa magetsi umaphadi anthu ndi pa zibaluni zonyamula anthu, chifukwa zimayenda pang'onopang'ono, dengu n'kukodwa pa mawaya, pamenepo pali masilinda a gasi. Ku Carterton, New Zealand, pa 7 January 2012 anafa anthu 11. Ku Lockhart, Texas, pa 30 July 2016 anafa 16.

Chomwe aphunzitsi akumukhomerera mwana wanu ndi ichi: asamafune waya, azifuna zomwe zimaulula waya. Polo. Mzere wowongoka wa mitengo yodulidwa m'nkhalango. Nyumba ya malata pakati pa munda, thanki ya madzi, khola la nkhuku, chilichonse chofuna magetsi chili ndi waya wake, ndipo ngati sakumuona ndiye kuti sanamupeze chabe. Asanatere pa bwalo lachilendo aimbire mwini wake, akafika azungulire kaye ali pamwamba. Chigwa chilichonse achitenge ngati chili ndi waya.

Kamodzi kokha ndilankhule ndi ena amene mukuwerenga, popeza kunonso mahelikopita amatera m'midzi, monga tinaonera ku Mulanje ndi ku Phalombe nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Ndege ikagwa itadula waya, musathamangire kukathandiza musanayang'ane. Waya wogwa pansi atha kukhala ndi moto ngakhale ali zii, ndipo pa mizere ina makina amabwezera okha magetsi patapita masekondi angapo. Nthaka yozungulira nayo imagwira shoko. Imani patali, mamita osachepera khumi, letsani ana, imbirani a magetsi azimitse.

Mayi, akadzaimbanso Lamlungu, mufunseni kuti pa bwalo pomwe amaphunzirirapo waya woyandikira kwambiri ali mbali iti, ndipo ndi wotalika bwanji. Akayankha mosazengereza, kagoneni tulo. Akayamba "aaa, ndikuganiza kuti...", mumuuze akafunse aphunzitsi ake mawa lomwelo, ndipo mundilemberenso.